Fayilo Yatseguka, Koma Kodi Manambala Ndi Omwe Aja?

Anthu ambiri amadandaula fayilo ikakana kutseguka. Wina wakutumizirani spreadsheet yomwe anaipanga pa LibreOffice, inu muli ndi Excel, mukudina, pa sikirini pangobwera uthenga wakuti sizitheka. Zimapweteka mtima ndithu, komatu vuto limenelo ndi laling'ono chifukwa mwaliona ndi maso. Yoopsa ndi fayilo yomwe imatseguka bwinobwino, mitundu ili mbee, mitu ya makolamu ili m'malo mwake, chonsecho mkatimo ziro wakumayambiriro kwa nambala ya foni wasowa, 4 Malichi wasanduka 3 Epulo, ndipo mizere yakumunsi yatsala panjira popanda wokuuzani.

Kuti timvetse mmene zoterezi zimachitikira, tiyambe ndi kabokosi kamodzi. Kabokosi ka mu spreadsheet kamasunga zinthu zitatu zosiyana: chimene maso anu akuona, chimene kompyuta yasunga pansi pake, ndiponso fomyula yomwe yabereka chosungidwacho ngati ilipo. Mukalemba deti la 15 Malichi 2023 mu Excel, inu mumaona deti, koma kompyuta yasunga nambala 45000, kutanthauza masiku omwe adutsa kuchokera pamene pulogalamuyo imayambira kuwerenga. Nambala yomweyo mungaiveke chizindikiro cha ndalama kapena cha peresenti, iyo osasintha. Posamutsa fayilo kuchoka ku pulogalamu ina kupita ku inzake, funso limakhala lakuti mwa zitatuzi, ndi ziti zomwe ziwoloke. Mafayilo ena amanyamula zonse. Ena amanyamula chimodzi chokha, n'kusiya pulogalamu yolandirayo ikungoganizira zotsalazo.

Mitundu ya mafayilo yomwe mungakumane nayo kawirikawiri ndi inayi. XLS ndi wakale wa Excel, wogwiritsidwa ntchito mpaka Excel 2003. XLSX unabwera ndi Excel 2007, ndipo malamulo a kapangidwe kake, otchedwa Office Open XML, anavomerezedwa ndi ISO, bungwe loona za miyezo padziko lonse, mu 2008. ODS ndi wa banja la OpenDocument, lomwe bungwe la OASIS linakhazikitsa mu 2005 ndipo ISO inalivomereza mu 2006. Ndi umene LibreOffice Calc imasungira mukapanda kuiuza zina. Wachinayi ndi CSV (comma-separated values, kutanthauza zinthu zolekanitsidwa ndi mpatuliro), womwe kwenikweni si spreadsheet ayi, koma mawu wamba ondandalikidwa. Google Sheets, yomwe inayamba mu 2006, imasunga ntchito yanu pa makompyuta a Google m'njira yakeyake, ndipo mukafuna fayilo m'manja imachita kukumasulirirani ku umodzi mwa mitundu imeneyi. Numbers ya Apple nayo ili ndi mtundu wake womwe Excel siitsegula mwachindunji.

Ngati muli ndi chidwi, tengani kope la fayilo ya XLSX kapena ODS, musinthe mapeto a dzina lake akhale .zip, muitsegule. Mupeza kuti mkatimo muli timafayilo ta XML, kalembedwe ka mawu okhala ndi zizindikiro zouza kompyuta kuti chilichonse n'chiyani. Mu ODS zambiri zili mu content.xml, mu XLSX tsamba lililonse lili ndi kafayilo kake, mawu ali kwina, kaonekedwe kali kwina. Choncho mitundu iwiriyi ndi yofanana thupi, koma imalankhula zinenero zosiyana, ndipo kusintha kuchoka ku wina kupita ku unzake ndi ntchito ya womasulira. Womasulira akakumana ndi mawu omwe chinenero chinacho chilibe, amatenga oyandikana nawo kapena amangowadumpha.

XLS ali ndi malire omwe anthu amaiwala: mizere 65,536 ndi makolamu 256 pa tsamba. XLSX amafika mizere 1,048,576 ndi makolamu 16,384. Kusiyana kumeneku kunavulaza anthu mu 2020 ku England. Bungwe la Public Health England linkalandira zotsatira za kuyeza Covid-19 kuchokera ku malabu m'mafayilo a CSV, n'kumazilowetsa m'mafayilo a Excel a mtundu wakale uja. Tsamba likadzaza, zotsala sizinkalowa. Anthu 15,841 omwe anapezeka ndi matendawa pakati pa 25 Seputembala ndi 2 Okutobala sanawerengedwe pa nthawi yake, ndipo kufufuza omwe anakhudzana nawo kunachedwa. Palibe kompyuta inafa. Mafayilo ankatseguka ndithu.

CSV ndi amene tiyenera kukhalapo nthawi

Fayilo ya CSV mukaitsegula mu Notepad mumaona mizere ya mawu, zinthu zake zitalekanitsidwa ndi mpatuliro, chizindikiro chija cha (,). Mulibe mitundu, mulibe mafomyula, mulibe masamba angapo, ndipo koposa zonse mulibe chilichonse chonena kuti kolamu iyi ndi ya manambala, iyo ndi ya mawu, inayo ndi ya madeti. Ubwino wake ndi womwewo: pafupifupi pulogalamu iliyonse imatha kuilemba ndi kuiwerenga, n'chifukwa chake mabanki, makina owerengera malipiro ndi nkhokwe za deta amakonda kutulutsa CSV. Kuipa kwake ndi komwekonso. Pulogalamu yotsegulayo imayang'ana kabokosi kalikonse n'kulosera chimene chili, ndipo ikalosera siifunsa.

Yambani ndi 007351. Kwa inu iyi ndi nambala ya kasitomala kapena ya katundu, ndipo maziro awiriwo ndi mbali ya dzina. Kwa Excel iyi ndi nambala yowerengera, ndiye imakhala 7351. Mukadzafuna kuifananiza ndi mndandanda wina momwe inalembedwa yathunthu, siipezeka.

Kenako manambala aatali. Excel imasunga manambala molondola mpaka madijiti 15 basi, ndipo Calc ndi Sheets nazonso zili ndi malire a pafupi pomwepo chifukwa zonse zimasunga manambala m'njira imodzimodzi. Nambala ya khadi la kubanki ili ndi madijiti 16. Mukailowetsa ngati nambala, Excel imachotsa dijiti yomaliza n'kuikapo ziro, kenako imakuonetsani chinthu chonga 4.53E+15. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti ndi nkhani ya kaonekedwe chabe, amakulitsa kolamu kapena kusintha format, nambala n'kubwerera yaitali. Yabwereradi, koma dijiti yomaliza ija inapita kalekale.

Akatswiri ofufuza za majini (genes, tizinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa) analimbana ndi khalidweli kwa zaka zambiri. Majini ena anali ndi mayina ngati SEPT2 ndi MARCH1, ndipo Excel ikawaona inkawasandutsa 2 Seputembala ndi 1 Malichi. Kafukufuku wofalitsidwa mu magazini ya Genome Biology mu 2016 anapeza kuti pafupifupi pepala la kafukufuku limodzi mwa asanu alionse okhala ndi mindandanda ya majini ya mu Excel linali ndi zolakwika za mtundu umenewu. Mapeto ake, mu 2020 komiti yopereka mayina a majini a munthu, HGNC, inalengeza malamulo atsopano, ndipo MARCH1 anakhala MARCHF1, SEPT1 anakhala SEPTIN1. Taganizani: asayansi anaona kuti n'kwapafupi kusintha mayina a majini kusiyana ndi kudikira kuti pulogalamu isinthe khalidwe. Microsoft inadzaika mu Excel njira yozimitsira kusintha kodzichitikira kumeneku mu 2023.

Madeti enieni nawo ali ndi msampha wake, ndipo kwa ine uwu ndi woipitsitsa. Mu CSV mwalembedwa 03/04/2024. Kompyuta yokonzedwa mwa kalembedwe ka ku America imawerenga mwezi poyamba, ndiye ndi 4 Malichi. Yokonzedwa mwa kalembedwe ka ku Britain imawerenga tsiku poyamba, ndiye ndi 3 Epulo. Tsopano tiyerekeze kuti fayilo inalembedwa tsiku poyamba, koma mwaitsegula pa kompyuta yoyamba ndi mwezi. Deti la 25/04/2024 silingakhale mwezi wa 25, choncho limangotsala ngati mawu. Koma 03/04/2024 limatembenuzika mwakachetechete. Mumatsala ndi kolamu yosakanizika, madeti ena ndi mawu, ena ndi madeti abodza, ndipo onse amaoneka ofanana. Chokuthandizani n'chakuti mapulogalamuwa amakankhira mawu kumanzere kwa kabokosi, manambala ndi madeti kumanja. Kolamu ya madeti yomwe ikuyenda mokhotakhota, ena kumanzere ena kumanja, ikukuuzani kuti china chake chalakwika. Ngati ndinu amene mukutulutsa fayiloyo, lembani madeti motsatira ISO 8601, chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku: 2024-04-03. Kalembedwe kameneka sikamveka pawiri.

Ngakhale mpatuliro weniweniwo, womwe CSV inatengerako dzina, si wodalirika. Ku Germany, ku France ndi m'mayiko ena ambiri amagwiritsa ntchito mpatuliro polemba madesimo, moti 3,5 ndi zitatu ndi theka. Kumeneko Excel imalekanitsa makolamu ndi chizindikiro cha (;) m'malo mwake. Fayilo yotero mukaitsegula kwina, zonse zimaunjikana mu kolamu imodzi. Izi zimaoneka msanga, ndiye si zoopsa. Zoopsa zimabwera makolamu akalekana bwino koma 3,5 n'kutengedwa ngati mawu. Fomyula ya SUM, yophatikiza manambala, siidandaula ikakumana ndi mawu, imangowalumpha. Chiwonkhetso chimatuluka chooneka bwino, koma chochepa.

Malamulo olembedwa a CSV alipo, RFC 4180 ya 2005, ndipo amati ngati mawu a m'kabokosi ali ndi mpatuliro mkati mwake, monga adiresi, azitsekeredwa m'mitengero, zizindikiro zija za (" "). Koma CSV inayamba kugwiritsidwa ntchito zaka zambiri malamulowo asanalembedwe, ndipo si mapulogalamu onse amawatsatira. Adiresi imodzi yosatsekeredwa imakankhira zonse za mumzere umenewo kolamu imodzi kumanja.

Palinso nkhani ya zilembo. Kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala, ndipo pali matebulo osiyana onena kuti nambala yakuti ndi chilembo chakuti. Lero ambiri amagwiritsa ntchito UTF-8, koma Excel ya pa Windows, mukangodina CSV kuti itseguke, nthawi zambiri imaiwerenga ndi tebulo lakale monga Windows-1252, pokhapokha fayiloyo itakhala ndi kachizindikiro kobisika kumayambiriro kotchedwa BOM. Zilembo za A mpaka Z zimapulumuka chifukwa n'zofanana m'matebulo onsewa. Koma chilembo ngati ŵ, chomwe UTF-8 imachisunga m'mabayiti awiri, chimatuluka ngati Åµ, moti mawu oti maŵa amakhala maÅµa. Mayina okhala ndi é kapena ü amaonongeka chimodzimodzi. Posunga, sankhani CSV UTF-8 ngati Excel yanu ili nayo. Polowetsa, uzani pulogalamuyo kuti fayilo ndi ya UTF-8.

Kanthu kena koseketsa pang'ono: CSV yomwe mawu ake oyamba ndi ID, zilembo zazikulu, Excel imatha kuiyesa fayilo ya mtundu wakale wotchedwa SYLK, n'kukuchenjezani kuti mwina yaonongeka. Sinaonongeke. Musinthe mutuwo ukhale id kapena dzina lina. Kosaseketsa n'kakuti kabokosi ka mu CSV koyamba ndi chizindikiro cha = kamatengedwa ngati fomyula, ndipo anthu achinyengo amatha kubisamo malamulo oipa m'mafomu omwe ena amadzawatsegula mu spreadsheet.

Mankhwala a pafupifupi zonsezi ndi amodzi: CSV musamaitsegule pongoidina. Muziilowetsa. Mu Excel pitani ku Data, musankhe From Text/CSV, ndipo musanavomereze, uzani pulogalamuyo kuti makolamu a manambala a foni, a akaunti ndi a ziphaso ndi Text. LibreOffice Calc pa mbali iyi imachita bwino kuposa inzake, chifukwa imakuonetsani zenera la Text Import nthawi iliyonse, momwe mumasankha tebulo la zilembo, cholekanitsira, ndi mtundu wa kolamu iliyonse, kuphatikizapo dongosolo la tsiku, mwezi ndi chaka. Mu Google Sheets, mukapita ku File kenako Import, pali kabokosi kololeza kusandutsa mawu kukhala manambala, madeti ndi mafomyula. Kachotseni chizindikiro ngati mukufuna zinthu zilowe mmene zilili. Funso lodzifunsa pa kolamu iliyonse ndi losavuta: kodi manambala awa ndidzawaphatikiza kapena kuwachulukitsa? Ngati ayi, si manambala, ndi mayina olembedwa ndi madijiti. Ndipo kumbukirani kuti kutsegula kokha sikuononga fayilo ya CSV. Imaonongeka mukadina Save, chifukwa apo pulogalamu imalemba zolosera zake zija pamwamba pa zenizeni.

Chaka cha 1900 ndi tsiku lomwe silinakhaleko

Tibwerere ku nambala ija 45000. Kuwerenga masiku kumafunika poyambira, ndipo mapulogalamu sanagwirizane. Lotus 1-2-3, yomwe inatuluka mu 1983 n'kulamulira msika, inkayambira pa 1 Januwale 1900, koma inkatenga 1900 ngati chaka chokhala ndi 29 Febuluwale. Si choncho: chaka chothera ndi maziro awiri chimakhala ndi tsiku limeneli pokhapokha chikagawika ndi 400, ndipo 1900 siigawika. Excel itabwera inatengera cholakwikacho dala kuti mafayilo a Lotus azitseguka osasokonekera, ndipo mpaka lero nambala 60 mu Excel ndi 29 Febuluwale 1900, tsiku lomwe dzuwa silinatulukepo. LibreOffice ndi Google Sheets anazemba vutoli poyambira pa 30 Disembala 1899, zomwe zimachititsa kuti azigwirizana ndi Excel pa madeti onse kuyambira 1 Malichi 1900.

Kwa ambiri izi ndi mbiri chabe. Zimakhudza amene akusunga zolembedwa zakale, chifukwa Excel siidziwa madeti a chaka cha 1900 chisanafike ndipo imawasunga ngati mawu, pamene Calc imawawerenga. Chomwe chimagwira anthu ambiri ndi china: Excel ya pa Mac kale inkayambira pa 1904, ndipo mafayilo ena akadali ndi dongosolo limenelo. Mukakopera madeti pakati pa fayilo ya dongosolo la 1900 ndi ya 1904, amatha kusuntha ndi masiku 1,462, kapena kuti zaka zinayi ndi tsiku limodzi. Mukaona madeti onse atalakwika ndi zaka zinayi ndi tsiku limodzi, musavutike kufufuza kwina.

Mafomyula wamba monga SUM, IF, AVERAGE ndi VLOOKUP amawoloka pakati pa XLSX ndi ODS popanda vuto lenileni. Mavuto ali ndi atsopano komanso a pulogalamu imodzi yokha. XLOOKUP, fomyula yatsopano yofufuzira zinthu mu mndandanda, mukaitsegula mu Excel 2016 imaoneka ngati _xlfn.XLOOKUP, ndipo kabokosiko kakawerengedwanso kamapereka #NAME?. LibreOffice inayamba kuidziwa XLOOKUP mu 24.8, ya mu 2024. Google Sheets ili ndi zakezake monga QUERY, IMPORTRANGE ndi GOOGLEFINANCE zomwe Excel ilibe. Mukatsitsa tsamba lotero ngati XLSX, Google imakulunga fomyulayo m'chinthu chotchedwa __xludf.DUMMYFUNCTION n'kusiyapo yankho lomaliza lomwe inapeza. Apa mpomwe munthu amapusitsika. Nambala ikuoneka, ndipo ndi yolondola lero, koma yauma. Mukasintha zomwe imadalira, iyo siisuntha.

Izi zimatheka chifukwa XLSX ndi ODS zimasunga fomyula pamodzi ndi yankho lake lomaliza. Pulogalamu yotsegula ingathe kungokuonetsani yankho losungidwalo osawerengetsanso. Choncho fayilo yosamutsidwa imaoneka yabwino mpaka tsiku lomwe wina wasintha kabokosi kamodzi. Ndi bwino kuikakamiza kuwerengetsa zonse mutangoitsegula, kuti zobisika zituluke inu mukuona: mu Excel ndi Ctrl, Alt ndi F9 pamodzi, mu Calc ndi Ctrl, Shift ndi F9.

Za ma macro, timapulogalamu tosungidwa mu fayilo tochita ntchito zobwerezabwereza, musayembekezere zambiri. Excel imawalemba m'chinenero cha kompyuta chotchedwa VBA ndipo amasungidwa mu XLSM, osati XLSX. Mukasunga fayilo ya ma macro ngati XLSX amatayika. LibreOffice imatha kuyendetsa ena a VBA koma osati onse, ndipo Google Sheets imagwiritsa ntchito Apps Script, yochokera ku JavaScript, moti kumeneko n'kulemba mwatsopano. Kaonekedwe nako kamasintha: font yomwe kompyuta ina ilibe imalowedwa m'malo ndi ina, kolamu n'kuchepa, manambala n'kuoneka ngati ####. Matchati ndi ma pivot table, matebulo oonetsa deta mwachidule, amawoloka mwa apo ndi apo. Koma izi zimaoneka, ndiye sindizidera nkhawa kwambiri.

Posankha mtundu, ganizirani chimene wolandirayo akachite nayo fayiloyo. Ngati akapitiriza kugwirirapo ntchito, XLSX ndi umene mapulogalamu ambiri amauwerenga bwino, ngakhale kuti ODS ndi woyenera ngati nonse muli pa LibreOffice. Ngati ikukalowa m'makina ena, CSV, tsamba limodzi pa fayilo, chifukwa CSV imasunga tsamba lokhalo lomwe mwatsegula. Ngati akungofuna kuwerenga, PDF. XLS musiyeni pokhapokha pali makina akale omwe sadziwa china. Chomwe ndimaletsa kwambiri ndi kuyendetsa fayilo imodzi uku ndi uku, lero Excel, mawa Calc, mkuja Sheets, n'kubwereranso. Ulendo uliwonse umataya kanthu kakang'ono, ndipo pakatha miyezi palibe angaloze pomwe zinayambira. Sankhani fayilo imodzi kuti ndiyo mwini nkhani, zina zonse zikhale makope otuluka mwa iyo.

Ngati mafayilo ndi ambiri, LibreOffice imatha kuwasintha onse osatsegula zenera, ndi lamulo lakuti soffice --headless --convert-to xlsx *.ods. Masamba a pa intaneti osinthira mafayilo alipo ambiri, koma musanatumizeko mndandanda wa malipiro a antchito kapena mayina a odwala, dziwani kuti fayiloyo ikupita pa kompyuta ya munthu yemwe simukumudziwa, pa ntchito yomwe pulogalamu yaulere ingachite pa kompyuta yanu.

Mukamaliza kusamutsa, ikani fayilo yoyamba ndi yatsopano pambalipambali. Pitani kumunsi kwenikweni muone ngati mzere womaliza ndi womwewo. Phatikizani kolamu imodzi ya ndalama konsekonse. Kenako yerekezani COUNT ndi COUNTA pa kolamu yomweyo: yoyamba imawerenga timabokosi ta manambala tokha, yachiwiri imawerenga tonse tomwe muli kanthu. Kupatula mutu wa kolamu, ziwirizi ziyenera kufanana. Zikasiyana ndi 37, ndiye kuti penapake pali manambala 37 omwe asanduka mawu, ndipo SUM yanu sinawaone.